Ndi mankhwala ati a hepatitis C oposa anzake? Zimadalira mmene mwawayerekezera

Mu May 2011, bungwe la FDA, lomwe limavomereza mankhwala ku America, linaloleza mankhwala awiri atsopano a hepatitis C, matenda a chiwindi oyambitsidwa ndi kachilombo, motsatizana: boceprevir wa kampani ya Merck ndi telaprevir wa kampani ya Vertex. Onse awiri ankamwedwa powonjezera pa chithandizo chakale cha jakisoni wa peginterferon ndi mapiritsi a ribavirin. Pa kafukufuku wotchedwa ADVANCE, telaprevir anachiritsa odwala 75 mwa 100 aliwonse. Pa kafukufuku wina, SPRINT-2, boceprevir anachiritsa pakati pa 63 ndi 66. Manambala otere akakhala pa pepala limodzi, diso limagamula mlandu mutu usanaganize n'komwe: telaprevir ndiye dolo. Komatu awiriwa sanayesedwe pa gulu limodzi la odwala, ndipo mpata wa pakati pa 75 ndi 66 ukhoza kuchokera kwa odwalawo, osati ku mankhwala.

Tikamati "kuchira" m'nkhani ino tikunena zomwe madokotala amazitcha SVR: kachilombo sikakupezekanso m'magazi patadutsa masabata 12 chimalizireni mankhwala. Kale ankadikira masabata 24. Muyeso umenewunso uli ndi mkangano wake, tiufika.

Kungoika manambala awiri pafupi

Njira imeneyi ndi yomwe tayamba nayo, ndipo ndi imene imadzaza manyuzipepala ndi timapepala totsatsa malonda. Siyifuna ndalama kapena masamu, ndipo ine sindiyiwerengera ngati umboni. Yang'anani odwala omwe sanapatsidwe mankhwala atsopanowo. Mu ADVANCE, amene anangolandira peginterferon ndi ribavirin anachira 44 mwa 100. Mu SPRINT-2, anzawo a chithandizo chakale anachira 38. Mpikisano usanayambe, a ADVANCE anali kale patsogolo ndi 6.

M'nthawi ya majakisoni a interferon, monga peginterferon uja, wodwala ankalowa m'chipatala atanyamula kale gawo lalikulu la yankho. Mtundu wa kachilombo, womwe amautcha genotype, unkalamulira kwambiri: pa kafukufuku wamkulu wa peginterferon wa 2001, a genotype 1 anachira 42 mwa 100, pomwe a genotype 2 ndi 3 anachira pafupifupi 82, mankhwala omwewo. Mu 2004 ofufuza a ku America anapeza kuti odwala akuda anachira 19 mwa 100, azungu 52. Gawo lina la chifukwa chake linadziwika mu 2009, pamene anapeza kuti kachidutswa ka chibadwa ka pafupi ndi jini ya IL28B kamathandiza thupi kumvera interferon, ndipo mtundu wake wabwinowo umapezeka mochepa mwa anthu ochokera ku Africa. Onjezanipo kuuma kwa chiwindi, komwe madokotala amati cirrhosis, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndi ngati munthu analepherapo kale pa chithandizo china. Kafukufuku amene walemba odwala ovuta ambiri amatulutsa nambala yotsika ngakhale mankhwala ali abwino. N'chimodzimodzi kuyerekeza mbewu ziwiri za chimanga, ina yodzalidwa ku Dedza mvula itagwa bwino, ina ku Nsanje chaka cha ng'amba, kenako n'kumati vuto ndi mbewu.

Kudutsira pa chithandizo chomwe onse anapikisana nacho

Njira yachiwiri ndi yanzeru kuposa yoyamba. Popeza telaprevir ndi boceprevir onse anayerekezedwa ndi chithandizo chakale, mungafunse kuti aliyense anakweza zotsatira ndi zingati pa kafukufuku wake. Gawani 75 ndi 44, mupeza 1.7. Gawani 66 ndi 38, mupezanso 1.7. Mpata uja wazimiririka. Koma mukachotsera m'malo mogawa, telaprevir amawonjezera 31 ndipo boceprevir 28, kapena 25 pa gulu lake lina. Manambala omwewo, mayankho awiri, malinga ndi masamu omwe wolemba wasankha. Ofufuza akalumikiza mankhwala ambiri motere amati network meta-analysis, ndipo imatuluka ndi mndandanda wooneka bwino wa woyamba, wachiwiri, wachitatu.

Zonsezi zimayenda ngati "chithandizo chakale" chinalidi chimodzi mbali zonse. Pano sichinali: ADVANCE anagwiritsa ntchito peginterferon alfa-2a, SPRINT-2 alfa-2b, ndipo odwala a boceprevir ankayamba ndi masabata 4 a chithandizo chakale asanayambe mapiritsi atsopano. Vuto lalikulu linadza interferon atachoka, chifukwa mankhwala ambiri atsopano sanayesedwe ndi mnzawo wofanana woti n'kudutsirapo. Njira imeneyi ndi yothandiza pokuuzani kuti mpata womwe mukuuona mwina kulibe. Pokuuzani wopambana, muyigwire ndi dzanja lopepuka.

Kuwakumanitsa pa kafukufuku mmodzi, odwala atagawidwa mwa maere

Apa ndi pomwe pali umboni weniweni. Maere akagawa odwala, ovuta ndi osavuta amagwera mbali zonse mofanana, kuphatikizapo zinthu zomwe sayansi sinazidziwebe, ngati mmene IL28B inalili isanafike 2009. Komabe ngakhale kafukufuku wotere amatha kuwerengedwa molakwika, ndipo hepatitis C ili ndi zitsanzo zabwino.

Kafukufuku wa IDEAL, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anayerekeza ma peginterferon awiri aja pa odwala 3,070 a genotype 1 ku America. Pa tsiku lomaliza mankhwala, alfa-2a ankaoneka wopambana kutali: kachilombo sikanapezeke mwa odwala pafupifupi 64 mwa 100, pomwe kwa alfa-2b anali 53. Koma mwa a alfa-2a, ambiri kachilombo kanabwereranso. Pomaliza, ochira anali 40.9 peresenti ndi 39.8 peresenti, kusiyana kosanunkha kanthu. Wogulitsa mankhwala atangosankha tsiku loyezera, akanatha kulemba nkhani yosiyana osanama nambala ngakhale imodzi. Chinanso, mlingo wa ribavirin sunali wofanana m'magulu awiriwo, kotero chomwe chinayerekezedwa ndi chithandizo chonse, osati majakisoni okha.

Kafukufuku wa FISSION wa 2013 ndiye amene ndimakonda kuphunzitsira nkhaniyi. Odwala pafupifupi 500 a genotype 2 ndi 3 anagawidwa pawiri: ena mapiritsi atsopano a sofosbuvir ndi ribavirin kwa masabata 12, ena peginterferon ndi ribavirin kwa masabata 24. Zotsatira: 67 mwa 100 uku, 67 mwa 100 uko. Zofanana ndendende. Tsopano patulani mitundu ya kachilombo. Kwa a genotype 2, sofosbuvir anachiritsa 97, chithandizo chakale 78. Kwa a genotype 3, sofosbuvir anachiritsa 56, chakale 63. Nambala ya 67 ija sinafotokoze wodwala aliyense. Inali yosakaniza, ndipo inatuluka choncho chifukwa a genotype 3 anali ochuluka m'kafukufukuyo. Akanalemba a genotype 2 ambiri, sofosbuvir akanaoneka wopambana. Dokotala amene anangowerenga mutu wa nkhani akanapatsa wodwala wa genotype 3 masabata 12 osakwanira. Patapita nthawi yochepa malangizo a genotype 3 anakhala masabata 24, ndipo mu 2015 kafukufuku wa ASTRAL-3 anasonyeza kuti sofosbuvir wophatikiza ndi velpatasvir kwa masabata 12 amachiritsa 95 mwa 100, pomwe sofosbuvir ndi ribavirin kwa masabata 24 ankachiritsa 80. Mpata wa 15 pa odwala oposa 500 ogawidwa mwa maere, umenewo ndi woukhulupirira.

Koma musatengepo phunziro loti nthawi zonse muzipatula magulu. Kupatula kumakhala koyenera ngati kunakonzedwa kafukufuku asanayambe ndipo kuli ndi chifukwa chodziwika, monga genotype. Onani za ION-3, kafukufuku wa 2014 wa ledipasvir ndi sofosbuvir pa odwala 647 omwe chiwindi chawo sichinaume. Masabata 8 anachiritsa 94 mwa 100, masabata 12 anachiritsa 95. Koma obwereredwa ndi kachilombo anali 5 mwa 100 pa masabata 8, ndi 1 mwa 100 pa masabata 12. Zotsatira zitatuluka kale, anabwerera m'manambala n'kupeza kuti odwala omwe anali ndi kachilombo kosafika 6 miliyoni IU (muyeso wa kuchuluka kwa kachilombo) pa mililita ya magazi anachita bwino mofanana m'magulu onse. Malire a 6 miliyoni amenewo analowa mpaka m'malangizo a mankhwalawo. Madokotala ena anadandaula kuti malire opezeka mochita kusakasaka chonchi akhoza kukhala a mwayi chabe, komanso makina osiyana oyezera magazi amapereka manambala osiyana pa magazi amodzi. Ukafufuza malo okwanira oti udule, penapake pamaoneka bwino basi.

Palinso mawu oti "sanachepere mnzake" omwe amapezeka kwambiri pa kafukufuku wa mankhwala atsopanowa. Satanthauza kuti ndi ofanana. Amatanthauza kuti kusiyana sikunapitirire malire omwe ofufuza anadziikira okha. Pa FISSION malirewo anali 15 mwa 100. Munthu wodwala atamva kuti mankhwala akhoza kuchepera ndi 14 n'kutchedwabe osachepera, sangagwedezere mutu. Ndipo muziwerenga ngati magulu onse anagawidwadi mwa maere: pa ENDURANCE-3, glecaprevir ndi pibrentasvir kwa masabata 12 anayerekezedwa mwa maere ndi sofosbuvir ndi daclatasvir, 95 kwa 97, koma gulu la masabata 8 linawonjezedwa pambuyo popanda maere.

Gulu limodzi, loyerekezedwa ndi odwala akale

Sofosbuvir, yemwe anavomerezedwa mu December 2013 pa mtengo wa madola 84,000 kwa masabata 12, anadalira kwambiri kafukufuku wa NEUTRINO pa genotype 1. Odwala onse 327, ambiri mwa iwo a genotype 1, analandira mankhwala atsopanowo pamodzi ndi peginterferon ndi ribavirin. Panalibe gulu lina. Anachira 90 mwa 100, ndipo nambalayo anayiyerekeza ndi 60 yotengedwa ku zotsatira zakale.

Njira imeneyi ine sindiyitaya. Hepatitis C ikakhazikika m'thupi, kawirikawiri sichoka yokha, choncho ngati 90 mwa 100 achira, palibe angati zangochitika. Pofunsa ngati mankhwala akugwira ntchito, gulu limodzi limakwana mpata ukakhala waukulu chonchi. Pofunsa ngati 98 ya kampani iyi iposa 96 ya kampani iyo, silithandiza chilichonse, chifukwa mwabwerera ku njira yoyamba ija.

Msampha wake wina uli m'timagulu ting'onoting'ono. Mu NEUTRINO, a genotype 5 ndi 6 onse anachira, 100 peresenti. Anali anthu 7. Pali lamulo losavuta la masamu: ngati palibe wolephera mwa anthu owerengeka, gawani 3 ndi chiwerengero chawo, mupeza kuchuluka kwa olephera komwe sikungakanidwe. Pa anthu 7 ndi pafupifupi 40 mwa 100. Ndiye kuti "100 peresenti" ija imagwirizana ndi mankhwala omwe kwenikweni amachiritsa 60 okha. Genotype 5 imapezeka kwambiri ku South Africa, kotero kwa dokotala wa ku Johannesburg nkhaniyi sinali ya m'mabuku chabe.

Kutsatira odwala a m'zipatala wamba

Kafukufuku wa maere amasankha odwala ndipo amatha msanga. Kutsatira anthu a m'zipatala kumaonetsa zomwe iye amabisa. Ku France, gulu la CUPIC linatsatira odwala a chiwindi chouma omwe analandira telaprevir kapena boceprevir, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 anakumana ndi zovuta zazikulu, chiwerengero choposa kwambiri chomwe chinaoneka poyesa mankhwalawo, komwe odwala otere anali ochepa. Mankhwala awiri aja anachoka pamsika wa ku America pofika 2015, atapitiriridwa ndi atsopano.

Njira imeneyi ndiyonso yokha yomwe yatsala poyankha funso lalikulu: kodi kuchotsa kachilombo kumatalikitsa moyo? Funsoli si lopusa. Pa kafukufuku wa HALT-C wa 2008, odwala 1,050 omwe analephera kuchira anagawidwa mwa maere, ena n'kulandira peginterferon wochepa kwa zaka zitatu ndi theka, ena osalandira. Manambala a m'magazi anakongola, kachilombo kanachepa, koma matenda a chiwindi anapitirira chimodzimodzi, 34 mwa 100 mbali zonse. Mu 2017 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wokwana 138 pa anthu oposa 25,000, n'kunena kuti palibe umboni wa maere woti mapiritsi atsopanowa amachepetsa imfa. Mabungwe a madokotala a chiwindi, AASLD ku America ndi EASL ku Ulaya, anatsutsa mwamphamvu. Cochrane sananame pa zomwe anawerenga, koma kafukufuku wotsatira anthu kwa miyezi yochepa sangaone imfa za matenda omwe amatenga zaka 20 kapena 30. Ndipo palibe komiti yoona za ufulu wa odwala yomwe lero ingalole kumana anthu mankhwala ochiritsa kwa zaka 10 kuti tiwerenge maliro. HALT-C anangochepetsa kachilombo, sanakachotse, choncho sayankha funso lomweli.

Tsono manambala a m'zipatala amafuna kusamala kwambiri. Mu 2012 kafukufuku wa odwala 530 a chiwindi chowonongeka anapeza kuti pa zaka 10, ochira anamwalira 8.9 peresenti, osachira 26. Vuto ndi loti amene ankachira pa interferon kawirikawiri anali amphamvu kale, a chiwindi chabwinoko. Mukuyerekeza ochira ndi osachira, osati olandira mankhwala ndi osalandira. Palinso chinyengo cha nthawi: kuti munthu awerengedwe m'gulu la ochira, ayenera kukhala moyo mpaka tsiku loyezedwa, choncho aliyense womwalira msanga amagwera gulu linalo.

Kukondera kumathanso kutembenuka. Gulu la HEPATHER ku France linatsatira anthu 9,895, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Mukangowerenga manambala osakonza, olandira mapiritsi atsopano anali ndi chiopsezo cha khansa ya chiwindi chochuluka pafupifupi katatu, 2.77. Chifukwa chake n'chosabisika: poyamba mankhwalawa ankaperekedwa kwa odwalitsitsa okha. Ataganizira msinkhu, kuuma kwa chiwindi, mowa, shuga ndi zina, nambalayo inatsika kufika 0.66, ndipo ya imfa inakhala 0.48, kutanthauza kuchepa ndi theka. Kuchoka pa 2.77 kufika pa 0.66 ndi ulendo wautali, ndipo wonse wayendedwa ndi masamu. Ine ndimakhulupirira komwe nambalayo ikuloza, chifukwa magulu ena akuluakulu anapeza zofanana, koma kukula kwake kwenikweni sindingalumbirire. Mantha a 2016, pamene madokotala a ku Barcelona anaona khansa ikubwerera mwa odwala 16 mwa 58 atamwa mapiritsiwa, anachokera ku gulu laling'ono lopanda loyerekeza nalo, ndipo anachepa ofufuza ataganizira msinkhu wa odwala ndi kutalika kwa nthawi yowatsatira.

Kanthu kena koti muzifunsa pa lipoti lililonse la chipatala: pansi pa nambalayo pali ndani? Ngati anthu 100 anayamba mankhwala, 80 n'kubwera kudzayezetsa, 78 n'kupezeka ochira, lipoti lina lidzati 97.5 peresenti, lina 78. Onse akunena zoona, koma sangayikidwe pa mzere umodzi.

Nanga posankha lero?

Malangizo a WHO a 2018 anatchula njira zitatu zogwira mitundu yonse ya kachilombo: sofosbuvir ndi velpatasvir, sofosbuvir ndi daclatasvir, komanso glecaprevir ndi pibrentasvir. Zonse zimachiritsa cha m'ma 95 mwa 100 kapena kuposa kwa odwala ambiri. Kuti mutsimikize kusiyana kwa 96 ndi 98 mungafunike odwala oposa 1,000 mbali iliyonse, ogawidwa mwa maere, ndipo palibe kampani yomwe ili ndi chidwi cholipirira zimenezo. Wokuuzani kuti imodzi mwa zitatuzi ndi yopambana chifukwa cha 2 peresenti akukugulitsani malonda.

Zosiyanitsa zenizeni zili kwina. Glecaprevir ndi pibrentasvir amatha m'masabata 8 kwa ambiri, koma saperekedwa kwa munthu amene chiwindi chake chafika polephera, monga wotupa mimba ndi madzi. Sofosbuvir ndi daclatasvir ndi otsika mtengo kwambiri chifukwa amapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo ndi amene Egypt anadalira pochiritsa anthu mamiliyoni, koma WHO inati a chiwindi chouma amwe masabata 24. Mankhwala ena omwe munthu akumwa amasankhanso: rifampicin wa TB sayenderana ndi njira zonse zitatu, efavirenz wa HIV amafooketsa velpatasvir ndipo amafuna kuti mlingo wa daclatasvir ukwere kufika 90 mg, pomwe dolutegravir, yemwe ali mu ma ARV omwe ambiri akumwa ku Malawi ndi Zambia, sasokoneza.

Ndipo funso loyamba lija, loti anayesedwa pa ndani, silinathe. Odwala ambiri omwe mankhwalawa anayesedwa pa iwo anali a ku America, Ulaya ndi Asia, ndipo pa timitundu ting'onoting'ono ta genotype 4, todziwika bwino ndi 4a ya ku Egypt ndi 4d. Ku Rwanda, kafukufuku wa SHARED anapatsa odwala 300 ledipasvir ndi sofosbuvir kwa masabata 12, n'kupeza ochira 87 mwa 100. Atapatula, a kamtundu ka 4r, omwe analipo 48, anachira 56 mwa 100 okha, pomwe ena onse anachira 93. Kamtundu kameneka kamabadwa kale ndi zosintha zomwe zimakana ledipasvir, ndipo manambala a 95 ndi 99 a kunja aja sakanatha kuchenjeza za iko, chifukwa kunalibe odwala ake okwanira. Kafukufuku wotsatira ku Rwanda komweko, SHARED-3, anapatsa odwala 61 a genotype 4 sofosbuvir ndi velpatasvir, ndipo 59 anachira. Nkhani yabwino, koma ndi gulu limodzi lopanda maere, ndipo si onse 61 anali a 4r. Pulogalamu ya dziko la kuno kumwera kwa Sahara yomwe ikugula mankhwala ochuluka ikufunika kudziwa timitundu ta kachilombo tomwe tili m'magazi a anthu ake, ndi kuyeza odwala ake masabata 12 akamaliza mankhwala, kuwerengera ndi omwe sanabwerenso.